Kudzuka Ndili M'tulo, ndi Chipongwe cha Bana Mulenga

1. UMBONI WA SAILASI GIDIYONI PHIRI, WA KU LUBUTO, NDOLA

Kwa abale ndi alongo onse mwa Ambuye,

Ndikupatsani moni m'dzina la Yesu Khristu. Monga mwa mutu uli pamwambawu, ndalemba kukudziwitsani za vuto limene linandigwira, ndilo vuto la kudzuka ndikadali m'tulo, ndiponso za njira imene Mulungu anandilanditsira. Ndipempha kuti muwerenge mofatsa kufikira kumapeto.

Ine kwathu ndi ku Katete, koma ndakhala kuno ku migodi kuyambira unyamata wanga. Ntchito yanga ndi yosoka matumba a ufa pa chigayo china chachikulu cha mu Ndola. Chaka chatha anandiika pa shifiti ya usiku, motero tulo tanga tinasamukira masana. Ndinkafika kunyumba dzuwa litatuluka, ndi kusamba, ndi kugona pansi pa malata otentha. Mkazi wanga Nabanda, amake Tamala, ankapachika bulangete pawindo kuti m'chipinda mude.

Vuto linayamba motere. Ndinkadzuka bwinobwino, ndi kuvala masilipasi, ndi kutsegula chitseko. Zonse zinali m'malo mwake, mipando, wailesi, ngakhale jekete langa pamsomali. Koma ndikatuluka panja ndinkapeza ufa ukugwa kuchokera kumwamba pang'onopang'ono ngati nkhungu, utayeretsa Lubuto yense, ndipo poyenda mapazi anga sankadinda pansi. Msewu wopita ku siteshoni unkachepa mpaka kusanduka kanjira ka kudimba kwathu ku Katete. Ng'ombe za malemu atate zinkayenda pakati pa maminibasi, ndipo makondakitala ankaitana anthu mwaulemu, m'chinenero chathu cha kumudzi.

Pamenepo ndinkazindikira mumtima kuti ndikulota. Kuzindikirako ndiko kunali koopsa, pakuti ndinali ngati munthu wotsekeredwa m'nyumba yopanda khomo. Ndinkalimbana, ndi kudzitsina, ndi kufuula popanda mawu, mpaka ndinkadzidzimuka ndili pabedi. Ndinkathokoza Mulungu, ndi kupita kukafotokozera Nabanda zonse. Iye ankamvetsera akumwetulira. Ndili mkati mofotokoza, ndinkaona ufa wayamba kugwera pamapewa ake, m'nyumba momwemo. Ndiye kuti ndinali ndisanadzuke. Zinkatero mobwerezabwereza, tulo m'kati mwa tulo.

Chinanso, m'malotomo Nabanda ankakonda kundiitana ndi mawu a munthu wovutika. Ndikathamanga kuti ndikamuthandize, ndinkapeza chitseko, kuseri kwake chitseko china, ndipo mawu ake ankangopita kutali. Ndinkadzuka mtima ukugunda ngati makina a kuntchito.

Abusa athu anandipempherera. Ku kiliniki anandiuza kuti ndi kutopa ndi kusintha kwa nthawi yogona. Kwa kapitawo sindinanene kanthu, poopa kuti angandichotse pa makina. Choncho ndinadziikira lamulo langa ndekha, lakuti: ndikadzuka, ndizikhala pabedi, manja pamaondo, osayankha aliyense ndi osatsata mawu alionse, kufikira zinthu zitakhazikika. Lamuloli linandithandiza m'maloto. Koma moyo wanga unasanduka wa munthu wokayika chilichonse. Ngakhale m'tchalitchi ndinkayang'ana kudenga kuona ngati ufa wayamba kugwa.

Pano ndiyenera kukudziwitsani za mnansi wathu. Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala mayi wina wa Chibemba, Bana Mulenga, ndiko kuti amake Mulenga, wogulitsa makala. Monga mudziwa, pakati pa Abemba ndi ife a kum'mawa pali chimbuya, ndiko kuti timanyozana mwamasewera popanda wokwiya. Iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya anyani. Koma mayi ameneyu chimbuya chake ndi chopitirira muyeso. Chifikireni pamalopo sanandipatsepo moni wabwino. Akandiona amati, "Wakudya mbewa wadzuka, bisani misampha!" Ine ndimayankha kuti, "Kodi anyani atha kumsika, kuti lero mwaphika kabichi?" Kunena zoona, ndinkamuona ngati mtanda wanga.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinatsegula maso cha m'ma 14 awazi, ndiyo 2 koloko masana. Ndinakhala pabedi monga mwa lamulo langa. Ndinamva Nabanda akuitana kuchokera pakhonde, "A Phiri, bwerani!" Kenaka ndinamva chinthu chikugwa. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, cha panjanso chimodzimodzi, ndipo ndinamuona atagona pansi pafupi ndi mbaula. Kanthu koyera kankakwera pang'onopang'ono pambali pake. Mumtima ndinati, ufa uja wayamba. Zonse zinali zachete ndi zowala, monga mmene zinkakhalira m'maloto. Ndinagwira maondo anga mwamphamvu kuti ndisanyamuke.

Komabe mtima sunakhale pansi. Ndinapemphera chamumtima kuti, "Ambuye, ngati ndili m'tulo, ndidzutseni. Ngati ndili maso, ndipatseni chizindikiro, pakuti ine ndekha sindithanso kusiyanitsa."

Ndisananene ameni, ndinamva mpanda ukuthyoka. Bana Mulenga analumphira pakhonde, nakankha mbaula ndi mwendo, nathira ndowa ya madzi pa chitenje cha Nabanda, chimene chinali chitayamba kupsa. Choyera chija sunali ufa, unali utsi. Atatero anasuzumira m'nyumba nandiona ndili khale pabedi.

"Imeni, bashi Tamala!" anakuwa m'Chibemba, ndiko kuti, "Imirirani, atate a Tamala!" Kenaka anandithira mawu onse amene anali nawo m'kamwa: "Mwakhala ngati mfumu mkazi wanu akupsa! Kodi mbewa zija zakudyani ubongo? Nyamukani, chitsiru cha ku Katete inu, kaitaneni takisi!"

Abale anga, mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira. Ndinaimirira, ndipo simenti inali yotentha kumapazi anga. Ndinathamanga wopanda masilipasi mpaka kumsewu. Ine ndi Bana Mulenga tinamutengera Nabanda kuchipatala, kumene anatiuza kuti magazi ake anathamanga kwambiri ndipo anakomoka, ndi kuti kuchedwa kukanabweretsa zina. Anapsa pang'ono pamwendo, koma moyo wake unatsala.

Ndili pabenchi la kuchipatala, ndinayamba kulingalira chifukwa chimene ndinakhulupirira mayi uja msanga chotero. Ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachionepo kale. M'maloto anga onse munalibe munthu wolankhula Chibemba, ndiponso munalibe munthu wondinyoza. Onse ankalankhula za kwathu, mofatsa ndi mwaulemu. Chizindikiro chimene ndinapempha, Mulungu anali atachiika kale kuseri kwa mpanda wanga, ine ndikuchitcha mtanda.

Ndinamufotokozera Bana Mulenga zonsezi. Anaseka mpaka anamwino anamudzudzula. Kenaka anati, "Ndiye kuti chipongwe changa ndi mankhwala? Musadere nkhawa, ambuya anga, ndili nacho chambiri, simudzasowa."

Kuyambira pamenepo lamulo lakale ndinalitaya, ndipo ndinakhazikitsa latsopano. Munthu akandiitana ndimapita, kaya ndi m'tulo kaya ndi maso, pakuti kuthamanga pachabe m'maloto sikupha munthu. Ndipo ndikadzuka ndimapita kumpanda kukapereka moni. Tsiku lina ndinatero, ndipo Bana Mulenga anagwada pansi, nawomba m'manja, nati, "Mwadzuka bwanji, atate?" Ndinaseka, pakuti mayi ameneyu sagwadira munthu. Ndinadziwa kuti ndili m'tulo, koma mantha panalibe. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, ufa ukundigwera pamutu, ndi kuonerera ng'ombe za atate zikudutsa. Ndinazitchula maina imodzi ndi imodzi, ndi kupemphera, mpaka tulo tinandimasula tokha.

Sindinena kuti malotowo anatheratu. Amabwerabe, makamaka nyengo yotentha. Koma tsopano ndimalowamo ngati mlendo wodziwa njira yobwerera kwawo. Ndinalimbanso mtima ndi kuuza kapitawo, ndipo akuganizira zondibwezera ku shifiti ya masana.

Potsiriza, ndithokoza Mulungu amene sagona pamene ife tagona. Ndithokoza abusa, ndi amayi a chigwirizano amene anazonda Nabanda. Kwa inu amene mukuvutika ndi zotere, ndikupemphani kuti musabise monga ndinachitira ine. Uzani a m'nyumba mwanu, pitani kuchipatala, ndipo musaleke kupemphera. Musanyozenso mnansi amene Mulungu wakupatsani, ngakhale akhale wa pakamwa.

Masana ano ndadzuka, ndapeza Nabanda akuchapa pakhonde, ndipo ndapita kumpanda. Bana Mulenga, osatembenuka n'komwe, wati, "Onani nkhalamba ya mbewa, maso ngati kadzidzi!" Ine ndayankha kuti, "Ameni."

Ndine wanu mwa Ambuye,

Sailasi Gidiyoni Phiri

Ndalemba ku Lubuto, Ndola, pa tsiku lachisanu ndi chiwiri la mwezi wa Novembala, chaka cha 2024.