Mayi Ebelesi Mvula, Osanja Kafukufuku wa Makompyuta

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1978 kuno kwa Zingalume, ali achitatu m'banja la ana asanu. Pulayimale anaphunzira konkuno, sekondale pa boma la Chadiza. Mu 2001 anamaliza maphunziro a kasungidwe ka mabuku ku Lusaka, nayamba ntchito mu laibulale ya koleji ina ku Chipata. Pa 14 Ogasiti 2004 anamanga banja ndi aphunzitsi a Gideon Sakala a kwa Mlolo.

Ambirife tinkangomva kuti amagwira za makompyuta. Nkhani yake ndi iyi. Pali mapulogalamu a kompyuta omwe eni ake sabisa kapangidwe kake. Aliyense akhoza kuwatenga, kuwakonza n'kugawirako anzake. Akatswiri alemba kafukufuku wambiri wa mapulogalamuwa, koma anali mbwee, wosasanja. Mu 2017, poyamba digiri ya udokotala wa zamaphunziro ku yunivesite, malemu anadzipereka kuwerenga zolembazo n'kuziika m'magulu: za anthu owapanga, za chitetezo chake, za ntchito yake m'masukulu ndi m'zipatala. Amayi awo atafunsa, anawauza kuti n'chimodzimodzi kusankha fodya, tsamba lililonse pa mulu wake.

Pa zolemba 912, za ku Africa anapeza 11 zokha. Owayang'anira pa maphunzirowo anati kagulu kochepa chotero kachotsedwe. Malemu anakanitsitsa, ati kakachoka palibe adzaone kuti ife tikusowamo. Kukanako kunawachedwetsa zaka ziwiri.

Mu 2022 matenda a shuga anayamba kuwatha maso. Sanasiye. A Sakala akaweruka kusukulu ankawawerengera zolembazo mokweza, malemu n'kumatchula gulu la chilichonse, mpaka buku lawo la digiriyo linatumizidwa ku yunivesite. Mu Marichi chaka chino impso zinafooka, ndipo pa 2 Meyi 2025 anatsikira kulichete kuchipatala ku Chipata. Uthenga wowaitana kuti akaonekere pamaso pa owayesa za bukulo wafika dzulo m'mawa, adzukulu ali kumanda kukumba.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, Tinenenji ndi Bonaventure, amayi awo a Idesi, ndi abale anayi. Ife akubanja tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, anzawo a kuntchito amene anabweretsa thupi, amayi a mpingo, adzukulu, ndi inu nonse amene mwasiya chimanga m'munda kudzatikhuza.

A Mvula, maso anakuvutani pansi pano. Kapumuleni, mzimu wanu uuse mumtendere.