Ulusi Wosankha Wekha

Pabenchi ya kuchipatala cha mano, mayi wina ankangoyang'ana mwana wake wamkazi amene anali atakakamira chitseko panja. Bambo wachikulire amene anakhala naye pafupi ndiye anayamba kulankhula.

"Akukana kulowa?"

"Akukana, bambo. Akavuta kunyumba timamuopseza kuti adokotala akamubaya jakisoni. Lero dzino labowoka, tsaya latupa, koma akuti bola liziwawa."

"Ife bambo athu anali telala. Dzino likagwedera ankatsegula kabokosi ka ulusi, amvekere sankha wekha wolimangira. Iwe uli kakasi pakati pa wofiira ndi wobiriwira, dzino lili kale m'zala zawo."

"Simunkalira?"

"Tinkalira tikaona magazi. Ankatikhazika pamiyendo, n'kutilola kupalasa makina mpaka misozi iume. Ankatipusitsa, inde, koma sanatiuzepo kuti sizipweteka."

"Ndiye ndimuuze kuti zipweteka?"

"Pang'ono pokha, n'kutha. Mumuuzenso kuti za jakisoni zija munkangomuopseza."

"Ndikatero sadzandiopanso ameneyu."

"Mukufuna azikuopani kapena alowe, mayi? Mzeretu ukuyenda."

"Ndisungireni malowa, ndikalankhule naye."