Mtengo wa Zakeyu

Chaka cha chisankho cha 1999, ndinali pa siteji ya Phalombe kudikira matola, mwana kumsana, dzanja lili pachikwama poopa akuba. Pafupi nane, bambo wachikulire wonyamula Baibulo m'jumbo anayamba kucheza ndi mayi wovala mandala.

"Ulendo wa ku Limbe uwu, mayi, kukagula mandala. Akulu a mpingo ku Kaduya andiletsa kulalikira mpaka ndizitha kuwerenga ndekha."

"Mwalakwanji, bambo?"

"Maso anafooka, ndiye ndimangolalikira za m'mutu. Kale zinkayenda bwinobwino. Pano amayi onse anagula Mabaibulo. Ndikangotchula vesi, mapepala waa! waa! ngati ndili pamayeso."

"Akuchita bwino. Kwathu kuseri kwa phiri la Michesi, mlaliki sayamba kulankhula vesi lisanawerengedwe mokweza."

"Koma akunditsutsa pachabe! Akuti Zakeyu sanakwere mtengo wa mango."

"Mango, bambo?"

"Eya. Munthu wamfupi ngati uja angakwerenso uti?"

"Tabwerekani mandala angawa. Tsegulani Luka 19."

Bambo aja anavala mandalawo, n'kuyamba kuyendetsa chala pang'onopang'ono.

"Mkuyu! Mayi inu, alemba mkuyu!"

"Ndi momwemo, bambo."

"Zaka zisanu ndakhala ndikumukweza mumtengo wa mango, mwana wa eni ake! Ndinkafotokoza ndi nyerere zomwe, mmene zinkamulumira m'miyendo."

"Ndiye mukagula mandalawo, ulaliki woyamba mukamutsitse mpingo wonse ukuona."

"Ndikamutsitsa ndithu, n'kupepesa. Koma nyererezo, mayi, anthu ankazikonda!"