Thupi Lolera Mlendo

Pamzere wolandirira mankhwala kuchipatala, mayi wina atafukata jekete la mwamuna wake ankacheza ndi bambo amene anali kumbuyo kwake.

"Amuna anga awagonekanso, khansa ija yabwerera. Adokotala akuti mankhwala anapha yambiri, koma maselo ochepa, mbewu yake yeniyeni, anabisala."

"Nanga ankadya chiyani kobisalako, mayi?"

"Akuti minofu yowazungulira ndi imene imawadyetsa, n'kumawatchinjiriza ku mankhwala ngati ana ake."

"Thupi lawo lomwe kulera mdani?"

Mayiyo anaseka pang'ono, n'kulikumbatira jekete lija.

"Ndi mmene alili amuna angawo, sanabwezepo mlendo. Ndinkakalipa ine, mipando yonse anthu okhaokha, nsapato mbwee pakhomo. Lero nyumba ili zii. Angobwerako basi, ndi alendo awo onsewo. Ndidzawatsegulira ndekha chitseko."