Foni Imene Inakana Kuduka

Olemekezeka bwana mkulu wa kampani ino. Olemekezeka akuluakulu a maofesi amene mwakhala kutsogolo kuno ndi matayi anu. Olemekezeka aphunzitsi a ku yunivesite, amene munasula mdzukulu wanga mpaka lero amandiuza kumwa mankhwala m'Chingerezi. Atolankhani, ndipo inu a kamera mundijambule mbali ino chifukwa mbali inayo mano anatha. Akatswiri nonse a makompyuta. Amayi ndi abambo. Komanso mng'ono wanga wobadwa naye mimba imodzi, amene wakhala kumbuyo uko pafupi ndi chitseko, chikwama pamiyendo, kuti ndikangomukwiyitsa atuluke msanga. Nonsenu ndakupatsani moni.

Anandilembera pepala loti ndiwerenge. Nali. Ine sukulu ndinalekezera sitandade fo, ndipo liwu loyamba lokha ndi lalitali ngati njanji. Bwana, pepala lanu landirani, mukakulungire china chake. Ine ndiyankhula zimene ndikudziwa.

Chimene tikutsegulira lero mdzukulu wanga anandifotokozera katatu, kachitatu ndinamva. Akuti ukamayimba foni ya pa intaneti, mawu ako asanadutse, makina awiri amayamba atumizirana timakalata. Ena amati, "Ndikufuna wakuti." Enawo amati, "Ikulira." Kenako, "Wayankha." Pomaliza, "Tatsazika." Ndiye mdzukulu wangayo ndi anzake awa apanga chida chowerenga ndi kulemba timakalata timeneti, choti anzawo opanga mapulogalamu azingotenga n'kuyika mu ntchito zawo m'malo moyamba pachiyambi. Iwo amachitcha laibulale. Ine ndinamuyankha kuti, "Mwanawe, zaka zinayi za ku yunivesite kuti uphunzitse makina kuodira?"

Tsono mukudabwa kuti pa nkhani yotere nkhalamba ngati ine yakhala bwanji mlendo wolemekezeka, madokotala a maphunziro ali phee pampando. Ndikuuzani, ngakhale ndi nkhani ya m'nyumba.

Ine ndi mng'ono wangayo tatha zaka zitatu osayankhulana. Chinatiyambanitsa ndi makina osokera a malemu mayi athu. Iye akuti mayi anamulonjeza iyeyo, ine ndikuti makinawo ali kuchipinda kwanga ndipo sanadandaulepo. Koma magazi ndi magazi. Kuti tidziwe kuti mnzako akadali moyo, tinali ndi njira yathu: Lolemba lililonse ndimayimba, ikalira kamodzi ndimadula. Lachinayi nayenso amayimba n'kudula. Woyamba kunena "halo" ndiye kuti wagonja, ndiye wapepesa. Musaseke, inu a tayi yofiira, ndikuonerani m'maso kuti nanunso muli ndi m'bale wotere.

Mdzukulu wanga ankafuna anthu oyesa ntchito yakeyi, ndiye anayika pulogalamu pa foni yanga ndi pa foni ya agogo ake aang'onowo. Lolemba lina ndayimba monga mwa masiku onse, n'kudula. Koma tsiku limenelo mng'ono wanga anali akupukuta foni ndi nsalu, chala n'kugunda poyankhira pa nthawi yomweyo imene ine ndimadula. Kalata yanga yoti "ndasiya" ndi yake yoti "ndayankha" zinapambana panjira. Makina anasokonezeka mutu. Kwa ine anaonetsa kuti yaduka, kwa iye khomo anasiya pululu.

Ine osadziwa kanthu, ndayika foni pa shelefu ya kukhitchini, pakati pa botolo la mchere ndi sopo, n'kuyamba kutsuka mbale. Aneba anga anatulukira pazenera kudzabwereka sefa.

"Bwanji achemwali anu aja, akupeza bwanji?" anandifunsa.

Amayi ndi abambo, funso limenelo linali laling'ono, koma yankho lake linatalika. Ndinati uja ndi wouma mutu kuyambira ali kumsana. Ndinati kusoka sadziwa, diresi la ukwati wa mwana wake linatuluka dzanja limodzi lalitali, mkwatibwi n'kumabayibitsa alendo ndi nsalu. Ndinati kukwaya amayimba ngati chitseko chopanda mafuta. Ndinanenanso za wigi yake. Za wigizo sindibwereza pano, wayivala.

Madzulo mdzukulu wanga anabwera akuthamanga, kompyuta kukhwapa, nkhope ikuwala ngati wapeza mwamuna.

"Agogo! Agogo aang'ono andiimbira akulira, akuti amva zonse! Mphindi khumi ndi imodzi!"

"Ndiye ukusekerera chiyani, mwana wopanda chisoni iwe?"

"Agogo, vuto limeneli talisaka miyezi iwiri! Timangomva kuti lilipo koma osaligwira. Mwachita bwanji?"

M'mawa mwake ananditengera ku ofesi kwawo, pamwamba apa. Chipinda chodzaza nthambo ngati chisa, makapu a khofi osatsuka pazenera, mipando yozungulira yokha imene inatsala pang'ono kundiponya pansi. Mkulu wawo, amene amamutcha Wandevu, uyo wayima pakhoma, anandipatsa foni n'kunena kuti, "Agogo, imbani, mudule monga mumachitira." Iye kuyankha, ine kudula. Iye kuyankha, ine kudula. Kachisanu ndi chiwiri, foni inakananso kuduka, ndipo anthu akuluakulu a ndevu zawo analumpha n'kukumbatirana.

Wandevu anati, "Koma ife tinayesa ndi makina kambirimbiri osatheka."

Ndinati, "Bambo, makina anu amadula mwaulemu. Kudula kwenikweni kumafuna munthu wokwiya."

Anakonza. Lero makalata awiriwo akapambana panjira, chida chawo chimadziwa kutsazika bwinobwino n'kutseka khomo. Choncho dziko lonse likhoza kujeda abale awo mwamtendere, ndipo ulemu wake ndi wa ana awa, amene sanabise vuto pansi pa mphasa koma analisaka mpaka kuligwira. Ndikukuthokozani bwana powapatsa nthawi, ndikukuthokozani aphunzitsi powapatsa nzeru, ndipo inu anzawo amene mutenge chidachi, muziyesa ntchito zanu pa anthu enieni, amwano ndi aliuma omwe, osati pa makina okhaokha.

Koma pali chimodzi chimene akatswiriwa sangakonze. Makina awo analemba kuti mng'ono wanga anamvera mphindi khumi ndi imodzi, kenako anadula yekha. Ine ndinayankhula mphindi makumi awiri. Iwe mng'ono wanga, khala pansi. Siya chitseko. Wamva zoipa zokhazokha, tsopano umve zotsalazo, pamaso pa anthu onsewa.

Ndinawauza aneba kuti makina osokera aja ndimawathira mafuta mwezi ndi mwezi koma sindinasokepo kanthu, chifukwa maso anatha ndipo amene ankandilowetsera ulusi pa singano ndiwe. Ndinati Lachinayi sindipita kumsika, ndimakhala pafupi ndi foni kudikira kulira kumodzi kuja, ndipo tsiku limene unachedwa mpaka masana ndinavala nsapato kuti ndikakufunefune kuchipatala. Ndinati tinabadwa asanu ndi awiri, tatsala awiri. Ubwere udzatenge makinawo. Kapena ubwere udzasokere kwathu, iwe kulowetsa ulusi, ine kupalasa. Za wigi ndapepesa. Za diresi sindipepesa, zithunzi zilipo.

Wati chiyani? Kweza mawu, kuno sikukumveka.

Akuti lamba wa makinawo ndinamanga mozondoka kuyambira kale, n'chifukwa chake amalumpha ulusi.

Mwamva nonse? Zaka zitatu, mawu ake oyamba ndi amenewo. Wandiyankhula! Wayamba ndi iyeyo, atolankhani lembani!

Bwana, ndipatseni sizasi ndidule liboni msanga, uyo asanasinthe maganizo. Ndi mphamvu zimene mwandibwereka lero, ndikulengeza kuti laibulale ya timakalata ta mafoni iyi yatsegulidwa, aliyense atenge agwiritse ntchito.

Zikomo kwambiri.