Kagalu Kakhungu ndi Makutu a Tiyamike

Moni nonse abale anga mwa Ambuye. Ine ndine mayi wothyola tiyi kuno ku Thyolo, ndipo umboni uwu ndikuulemba mtima ukadali wotentha. Kwa zaka ziwiri ndinkamenya mwana wanga Tiyamike chifukwa cha liwu limodzi, loti wosamva.

Anayambitsa ndi aphunzitsi ake a Sitandade 2. "Mayi, mwana wanuyu ngwosamva. Ndikamuitana amangokhala ngati chitsa." Kunyumba zinalinso chimodzimodzi. Ndimuitane katatu, iye ali phee kuseweretsa timiyala, ine n'kuthyola kamtengo. Bambo ake anafika ponena kuti asiye sukulu, apite kwa azakhali ake ku Nchilamwela akamuwongole ndi khasu. Pa Sabata ndinagwada n'kupemphera kuti, "Ambuye, thyolani mwano wa mwana uyu." Mpaka lero pemphero limenelo limandichititsa manyazi.

Lachiwiri lake, chiperoni chitakuta munda, ndinamva kulira m'ngalande. Munthu wina wouma mtima anali atamangira kagalu m'thumba la feteleza n'kukaponya mmenemo. Maso ake anali otuwa, osaona kanthu. A kapitawo anandikalipira kuti ndikutaya nthawi, koma ndinakabereka ndi chitenje n'kupitiriza kuthyola. Kumalayini, komwe timakhala antchito a pa esiteti, anzanga anaseka mpaka misozi, n'kukatcha Mlonda, poti galu wakhungu angalonde chiyani?

Khungulo ndinalivomereza. Chinkandipsetsa mtima n'chakuti Mlonda nayenso ndikamuitana ankangondinyozera. Ndinkakuwa kuti nyumba yanga yadzaza osamva okhaokha. Tiyamike yekha ndiye ankamvana naye. Ankangomugwira pakhosi, iye n'kumamutsatira kulikonse.

Tsiku la katemera wa chiwewe, alangizi a ziweto anandipeza ndikumukalipira Mlonda pamzere. Anazungulira kumbuyo kwake n'kuomba m'manja mwamphamvu, koma iye sanagwedeze n'khutu lomwe.

"Amayi, mukungodzivutitsa," anatero alangiziwo. "Galuyu alibe mwano, ndi wogontha. Mukafuna kumuitana muziponda pansi mwamphamvu, amamva nthaka ikagwedezeka."

Ndinathamangira kunyumba, ndipo ndinapeza Tiyamike ali pakhonde atandifulatira. Ndinatenga chivundikiro cha poto ndi supuni, n'kumenya kumbuyo kwake ndi mphamvu zanga zonse. Nkhuku zinabalalika, aneba anasuzumira. Mwana wanga sanatembenuke.

Kuchipatala ku Boma anapeza matenda okhalitsa m'makutu onse awiri, omwe ankatulutsa mafinya ine n'kumangopukuta ndi kansalu. Khutu lamanzere linali litafa kale, lamanja analipulumutsa ndi mankhwala. Pobwerera ndinamupepesa m'khutu lamanjalo, iye n'kundiyankha kuti, "Amayi, ine ndinkangodabwa kuti mumandimenyeranji."

Abale, ndine wokwiya ndipo sindibisa. Ndakwiyira amene anataya kagalu kamoyo ngati zinyalala. Ndakwiyira aphunzitsi amene chaka chonse ankakwapula mwana osamuyang'ana n'komwe m'khutu. Ndakwiyira pakamwa pathu ife, poti mwana wamwano ndi mwana wogontha timawatchula ndi liwu limodzi, kenako tonse n'kutola kamtengo. Koposa onsewa ndadzikwiyira ndekha, chifukwa ndinamubala ndine, ndipo khutu linalo linafera m'manja mwanga.

Komabe Mulungu ngwabwino. Ndinamupempha kuti athyole mwana wanga, Iye ananditumizira kagalu kotayidwa kuti kathyole ine. Lero Tiyamike amakhala kutsogolo m'kalasi, ndipo bambo ake za ku Nchilamwela sazitchulanso. Mlonda wanenepa, ndikaponda pansi amabwera akuwomba mipando.

Inu amene mukulira ndi mwana, musaleke kupemphera, yankho likhoza kubwera m'thumba la feteleza. Koma ndikukupemphani chinthu chimodzi. Wina akakuuzani kuti mwana wanu ngwosamva, musanathyole kamtengo, imani kumbuyo kwake muombe kaye m'manja.