Mapiritsi a Kutali

Pa siteji ya basi pa Bangula, mu 1985, amayi awiri osadziwana anathawira dzuwa pansi pa mtengo umodzi. Wamkulu anali ndi korona m'khosi, wamng'ono anavala kamendulo ka Maria, atabereka mwana.

"Ulendo wa kuti, mayi?" anafunsa wamkuluyo.

"Kuchipatala ku Nsanje. Kwathu n'kwa Kasisi."

"Kusiya chipatala pakhomo ku Chikwawa? Mwana akudwala chiyani?"

"Sakudwala. Ameneyu ndi wachisanu ndi chitatu. Adokotala anati mimba ina idzanditengera kumanda, ndiye ndikukatenga mapiritsi olera."

"Mayi inu! Simunamve ansembe? Ife Akatolika njira yathu ndi yowerenga masiku."

"Ndinawerenga mpaka kalendala inang'ambika. Koma bambo ake amadula nzimbe ku Nchalo, amabwera kamodzi pamwezi. Tsiku limene asisitere analemba kuti ayi, ndi lomwe iwo amatulukira, shuga kumanja, kumwetulira ngati mkwati."

"Nanga poti kuchipatala amafuna chilolezo cha mwamuna?"

"Anadinda chala mosavuta. Vuto ndi namwino wa kwathu, timaimba naye kwaya. Ku Nsanje palibe wondidziwa."

"Mukafika musaime pa khomo lalikulu. Mukazungulire kuseri, pali kachitseko kobiriwira. Kamendulo ka Maria ako mukakalowetse m'bulauzi."

"Inu mwadziwa bwanji zonsezi?"

"Kwathu n'komweko. Amuna anga ndi akatekisiti."

"Ambuye! Ndaulula kwa eni ake. Nanga inu ulendo wa kuti?"

"Ku Chikwawa, mwana wanga. Andiperekeza okha m'mawa uno, ati ndikapemphe mapiritsi a miyezi itatu."